Timu ya Sukulu Imodzi Kapena ya Sukulu Zitatu? Mtsutso wa Mpira ku Mangochi

Sukulu zikangotsegulira mu Seputembala, nkhani za mpira zimayamba kutentha mpirawo usanagundidwe n'komwe. Pa msika wa pa boma la Mangochi, pa siteji ya minibasi za ku Monkey Bay, ngakhale pansi pa mlambe pamene a kabaza amadikirira anthu, achinyamata amakhala akuwerengerana mphamvu za matimu. Sukulu yakuti goloboyi wake wapita, walemba Fomu 4. Yakuti yatola mnyamata wa Fomu 1 amene ankasautsa anzake ku pulayimale. Yakutiyakuti yagula jezi zatsopano, pomwe ina mitengo ya pagolo idatha ndi chiswe pa tchuthi. Nkhani zotere n'zokoma kumva. Koma mukalowa mu ofesi ya aphunzitsi pa sukulu yaing'ono ya kumudzi, makambidwe ake ndi ena. Kumeneko safunsa kuti chaka chino tikafika ndime iti. Amafunsa kuti, kodi tikwana?

Lamulo la mpira wa miyendo limafuna osewera 11 mbali iliyonse, ndipo timu ikachepera 7 woyimbira sangayambitse kapena kupitiriza masewero. Pa sukulu zikuluzikulu ngati Mangochi Secondary kapena Lisumbwi ya ku Monkey Bay, makamaka kumene ana amagonera pasukulu pompo, nambala zimenezi palibe amene amaziganizira. Belu likalira masana, bwalo limadzaza, ndipo ntchito ya mphunzitsi wa zamasewero imakhala yosankha amene asiyidwe. Pa CDSS ya kalasi imodzi pa fomu iliyonse, mphunzitsi yemweyo amayenda ndi kope kunyengerera ana kuti atsalire akaweruka. Kusiyana kumeneku ndi kumene kwabala ganizo limene limamveka kawirikawiri pakati pa aphunzitsi ndi okonda mpira kuno kunyanja: kuti bungwe la masewero a m'sukulu la MASSA lizilola sukulu zazing'ono zoyandikana, ziwiri kapena zitatu, kuphatikiza osewera n'kulowa mu mpikisano ngati timu imodzi.

Tisanamve mbali ziwirizi, ndi bwino kukumbukira kumene sukulu zazing'onozi zidachokera. Boma litachotsa fizi ku pulayimale mu 1994, ana adakhamukira m'makalasi, ndipo patangopita zaka zochepa khamulo lidafika pa khomo la sekondale. Mu 1998 malo ophunzirirapo a MCDE adasandutsidwa ma CDSS kuti alandire anawo. Ambiri mwa malowa adayamba ndi midadada iwiri, opanda hositelo, opanda bwalo lawolawo, n'kumabwereka la pulayimale yoyandikana nayo. Mangochi ndi boma lalikulu, la anthu oposa 1.1 miliyoni malinga ndi kalembera wa 2018, ndipo sukulu zake zamwazikana kuchokera ku Nankumba mpaka ku mapiri a ku Namwera ndi Katuli, kuchokera ku Chilipa mpaka ku Makanjira kumalire ndi Mozambique. Mwana wamba wa sekondale ku Mangochi ndi woyendera, wa pa CDSS. Mtsutsowu tsono ukukhudza ana ambiri kuposa amene timawaona m'ndime zotsiriza za zikho.

Tiyerekeze sukulu ya ana 200, anyamata 100. Poyang'ana pa kaundula munthu anganene kuti matimu atatu atuluka mopanda vuto. Koma yambani kuchotsera. A Fomu 4, makolo ndi ahedi amawaletsa mpira mayeso a MSCE akamayandikira. Alipo amene amapalasa njinga kapena kuyenda pansi ola lathunthu kapena kuposerapo, ndipo ayenera kunyamuka dzuwa lisanapendeke. Alipo amene masana amapita ku madrasa. Mwezi ukakhala mumdima, ena amagona panyanja ndi chilimira kusaka usipa, m'mawa amabwera m'kalasi maso ali psuu, ndipo pofika 2 koloko miyendo yatha. Ndiye pali uja anali kaputeni chaka chatha, amene pa tchuthi achimwene ake adamutumizira ndalama ya basi, pano ali ku Joni. Onjezani kuti teremu yoyamba imagwera m'nyengo imene Mangochi amatentha koopsa, Okutobala ndi Novembala, ndipo mwana amene wachoka kunyumba osadya kanthu sangathamange mphindi 90 pa mchenga wotentha. Mukamaliza kuchotsera mutsala ndi anyamata 13 kapena 14, ena mwa iwo tiana ta Fomu 1 timene jezi imafika m'mawondo.

Ofuna kuphatikiza amayambira pomwepa, ndipo mfundo yawo ndi yolemera. Amati mpikisano umene timu ya anyamata 13 ikumana ndi timu yosankhidwa mwa anyamata mazanamazana si mpikisano. Zigoli zikafika 7 kapena 8, ana aja saphunzirapo kanthu, amangotola manyazi, ndipo chaka chotsatira safunanso kulembetsa. Mmodzi akavulala palibe wolowa m'malo mwake, motero mphunzitsi amamuuza kuti alimbe mtima, apitirize ndi bondo lotupa. Nthawi zina timu siifika n'komwe, anzawo amangopambana pa tebulo, ndipo ana amene adakonzekera sabata yonse amabwerera kwawo osagunda mpira. Mutu umodzi susenza denga, amatero a mbali imeneyi: sukulu zitatu zikasonkha osewera, zisonkhanso ndalama za lole, mipira ndi jezi, ndipo zisankha bwalo labwino mwa atatuwo m'malo moti aliyense azivutika ndi lake la miyala ndi minga. Amawonjeza kuti sukulu za sekondale zidaikidwa kale m'magulu a sukulu zoyandikana, zimene zimathandizana pa nkhani za maphunziro, choncho sipafunika kupanga dongosolo lachilendo.

Mfundo yawo yachiwiri ndi ya osewera a ganyu, ndipo pano ndimawamvera kwambiri chifukwa ndidazionapo ndi maso. Pa sukulu ina ya m'mbali mwa nyanja ya Malombe, timu ya alendo idatsika mu lole ili ndi wosewera kutsogolo wa ndevu zometa m'mawa womwewo, mapewa a munthu wokoka makoka. Masewero asanayambe ochemerera adayamba kukuwa, “Uyu si mwana wa sukulu uyu, ali ndi banja!” Aphunzitsi a mbali ziwiri adakumana pakati pa bwalo, wina atanyamula kaundula, wina akuloza dzina ndi chala. Dzinalo lidalipodi m'kaundula, koma mwini dzina adakhala pa benchi atavala yunifolomu, maso ali pansi. Masewero adachitika, mkulu uja adamwetsa zigoli, ndipo mwana amene dzina lake lidalembedwa pa pepala la woyimbira sadagunde mpira ngakhale kamodzi. Ofuna kuphatikiza amati mphunzitsi amene amachita zotere nthawi zambiri si wakuba mwa chibadwa. Wapanikizika: mudzi ukufuna chipambano, ahedi akufuna dzina la sukulu limveke, osewera alibe. Mupatseni njira yololedwa yopezera osewera enieni, ana a sukulu a msinkhu woyenera, ndipo chiyeso cha ganyu chichepa.

Amatchulanso za Salima. Mu Epulo 2023, ku Durban, Salima Secondary School idatenga malo achitatu pa mpikisano woyamba wa CAF wa mpira wa m'sukulu za mu Africa, wa ana osapitirira zaka 15, n'kulandira madola 150,000 a ku America. Sukulu ya m'boma la kunyanja ngati lathu lomweli idaima pamodzi ndi sukulu za ku Guinea ndi South Africa. Kodi ndi liti, amafunsa, pamene mwana wa pa CDSS ya ku Makanjira angafike pa bwalo ngati limenelo, ngati timu yake imatuluka ndime yoyamba chaka ndi chaka? Osaka luso a matimu akuluakulu sapita ku masewero a ndime yoyamba. Amadikira ndime za kumapeto, ndipo kumeneko amapezako sukulu zomwezomwezo. Ndiponso CAF yomweyo, kuyambira mpikisano wachiwiri umene udathera ku Zanzibar mu 2024, matimu akhala akusewera m'dzina la dziko osati la sukulu imodzi. Ngati akuluakulu a mpira mu Africa adaona kuti kuphatikiza kumatulutsa timu yamphamvu, ife tikanirenji?

Zonsezi n'zomveka. Komabe mbali inayo ili ndi mafunso amene ofuna kuphatikiza samawayankha mokwanira, ndipo loyamba ndi la masamu wamba. Sukulu zitatu zikakhala ndi matimu atatu, ana amene amalowa m'bwalo ndi 33, ndipo poonjeza a pa benchi amafika 40 kapena kuposa. Zikaphatikiza, olowa m'bwalo ndi 11. Ena onsewo apita kuti? Timu yophatikiza ili ngati ukonde wa maso aakulu: imakola chambo chokhachokha, tinsomba tonse n'kudutsa. Amene atsale kunja ndi aja a Fomu 1 a jezi yofika m'mawondo, aja ochedwa kukula, aja amene luso lawo likadaoneka chaka chamawa akadapatsidwa mpata chaka chino. Pa sukulu yaing'ono, kuchepa kwa osewera komwe timadandaula nako ndi kumene kumapatsa mwana wamanyazi mwayi wovala jezi. Tikati vuto ndi lakuti ana ochepa akusewera mpira, mankhwala ake sangakhale ochepetsanso malo m'timu.

Funso lachiwiri ndi la mtunda. Mawu akuti “sukulu zoyandikana” amamveka bwino pa pepala. Pa boma, kapena m'mbali mwa msewu wa tala wochoka pa boma kupita ku Monkey Bay, n'zotheka kuti mwana akwere njinga n'kukafika pa bwalo la sukulu ina pasanathe theka la ola. Koma kutsidya la Shire, mukangodutsa Malindi kulowera ku Makanjira, ulendo wa makilomita pafupifupi 100 kuchokera pa boma, msewu umene anthu akhala akuudandaula kwa zaka zambiri umadula midzi mvula ikagwa. Ku mapiri a ku Namwera sukulu ingaoneke pafupi pa mapu koma pakati pali chitunda ndi mtsinje. Timu imapangidwa ndi kukonzekera limodzi, kawiri kapena katatu pa sabata. Ndani alipire kabaza wa ana asanu ochokera sukulu yakutali? Abwerera nthawi yanji? Chimene chingachitike n'chodziwikiratu: sukulu imene ili ndi bwalo idzadzaza timu ndi ana ake, zinazo zidzatumiza mmodzi kapena awiri tsiku la masewero lokha, ndipo pakutha pa chaka timu “yophatikiza” idzakhala ya sukulu imodzi yokhala ndi alendo. Sukulu ziwiri zija zidzakhala zataya mpira wawo osalandira kanthu.

Kwa atsikana nkhani ya mtundayi ndi yolemera kuposa. Timu ya dziko ya amayi ya Scorchers idatenga chikho cha COSAFA mu 2023 itagonjetsa Zambia, ndipo maina a Tabitha ndi Temwa Chawinga, ana a ku Rumphi, akudziwika mpaka ku Ulaya ndi ku America. Atsikana a ku Mangochi amawamva mainawa pa wailesi ndipo ena amafunitsitsa kusewera. Ofuna kuphatikiza amati kwa atsikana ndiye kuphatikiza n'kofunikiratu, chifukwa pa CDSS yaing'ono kupeza atsikana 11 ofuna mpira wa miyendo, ena onse atapita ku ntchemberembaye, n'kovuta. Izi n'zoona. Koma kholo limene lavomera movutikira kuti mwana wake wamkazi atsalire ola limodzi pa sukulu yake, pamaso pa aphunzitsi amene likuwadziwa, silingavomere kuti akwere njinga ya munthu kupita ku sukulu ya mudzi wina n'kubwerako kuli mdima. M'boma limene atsikana ambiri amasiyira sukulu panjira chifukwa cha mimba ndi maukwati, mantha a kholo limenelo si opanda pake. Sukulu za atsikana zogonera konko, monga St Michael's ku Malindi ndi St Monica, zilibe vuto limeneli. Mtsikana woyendera ndiye adzatsala.

Nanga za ganyu zija? Pano mbali yokana imabweza mfundo mwamphamvu. Chimene chimaulula wa ganyu lero ndi chakuti anthu amadziwana. Ana a sukulu imodzi amadziwa amene amakhala naye m'kalasi, ndipo ochemerera a mbali inayo amadziwa kuti sukulu yakuti ilibe munthu wotero. Timu ikakhala ya sukulu zitatu, makaundula amakhala atatu, ahedi atatu, ndipo nkhope yachilendo ili ndi pobisala: “ameneyu ndi wa sukulu inayo.” Kumene kulibe chiphaso chokhala ndi chithunzi, kuphatikiza kungatsegule khomo limene kumafuna kutseka. Chothetsa ganyu ndi kulembetsa osewera teremu isanapite patali, ndi chithunzi, siginecha ya ahedi ndi nambala imene mwanayo adalembera mayeso a Sitandade 8, komanso chilango chogwera mphunzitsi osati ana. Zimenezi zikhoza kuchitika popanda kuphatikiza timu iliyonse, ndipo mtengo wake ndi wochepa poyerekeza ndi lole imodzi yopita ku boma.

Pali chinanso chimene sichilowa m'masamu koma aliyense amene adaphunzira pa sukulu ya kumudzi amachidziwa. Tsiku la masewero ndi tsiku limene mudzi umabwera ku sukulu. Amayi amabwera ndi mandasi ndi zigumu, madala amene sanapondepo m'kalasi amakhala pa njinga zawo m'mbali mwa bwalo, ana a pulayimale amathamangira mpira ukagwera m'munda. Kholo limene silibwera ku msonkhano wa makolo ndi aphunzitsi limabwera kudzaona mwana wake akusewera, ndipo ahedi amapezerapo mpata wolankhula nalo za fizi kapena za kujomba. Mnyamata amene mtima wake uli kale panyanja kapena ku Joni nthawi zina amamaliza teremu chifukwa choti timu ikumudalira. Mukasamutsa masewero kupita ku bwalo la sukulu ina, pansi pa dzina limene si la mudzi uliwonse, zonsezi zimazilala. Ndani adzayimbire timu ya “gulu lachitatu”?

Pa nkhani ya mabwalo, mbali ziwirizi zimakangana pa chinthu chimene kwenikweni zikugwirizana. Mabwalo ambiri a sukulu zathu ndi ovuta. Ena ndi mchenga wokhawokha woti mpira suyenda, ena ndi dothi louma gwa, ena pakati padutsa njira ya ng'ombe ndi njinga. Mizere amajambula ndi phulusa kapena kukumba ndi khasu, zigoli ndi mitengo ya bulugama yopanda ukonde, ndipo bwalo lomwelo likugwiritsidwa ntchito ndi pulayimale, timu ya m'mudzi ndi misonkhano. Mangochi Stadium ilipo pa boma, koma mwana wa ku Chilipa kapena ku Katuli angathe kumaliza Fomu 4 osapondamo. Ofuna kuphatikiza amati tisankhe bwalo limodzi mwa atatu tilikonze bwino. Okana amati mukatero awiri otsalawo adzalimidwa chimanga kapena kumangidwapo nyumba, chifukwa bwalo limene saseweramo silikhalitsa. Pa mfundo iyi ndili ndi okana. Malo m'mbali mwa nyanja akusowa chaka ndi chaka, ndipo bwalo la sukulu likapita silibwereranso.

Chimene ndimaona n'chakuti mtsutsowu wamangika pa nambala 11, ngati kuti mpira wa ana sungaseweredwe mwa njira ina. Vuto la sukulu zazing'ono si la kuno kokha. Ku America, mu 1934, mphunzitsi wina dzina lake Stephen Epler wa m'tauni yaing'ono ya Chester ku Nebraska adaona kuti sukulu za kumidzi sizingakwanitse osewera 11 pa mpira wawo uja wovala zipewa zolimba. Sadaphatikize sukulu. Adachepetsa osewera kufika pa 6, nachepetsanso bwalo, ndipo mpaka lero sukulu zazing'ono za ku Texas ndi madera ena zimasewera choncho, zili ndi zikho zawozawo. Ife kuno tili ndi chitsanzo pafupi kwambiri. Mpira wa pamchenga umaseweredwa ndi anthu 5 mbali iliyonse, opanda nsapato, pa bwalo la mamita osapitirira 37 m'litali, m'zigawo zitatu za mphindi 12. Timu ya dziko lino idafika koyamba pa mpikisano wa mayiko a mu Africa wa mpira umenewu mu 2022, ku Vilankulo m'dziko la Mozambique, ndipo masewerowa kwawo ndi m'maboma a kunyanja. Sukulu ya anyamata 13 imene ikulephera mpira wa 11 ili ndi matimu awiri a mpira wa 5, kapena timu imodzi yokwana bwino ya mpira wa 7. Atsikana 8 okha ndi timu.

Phindu lake silili pa kukwanitsa nambala kokha. Pa bwalo laling'ono mwana aliyense amagunda mpira kambirimbiri, amaphunzira kuulandira pothinana, kupatsira msanga ndi kuganiza mofulumira. N'chifukwa chake m'mayiko ambiri ana aang'ono samawayambitsa pa bwalo lalikulu. Masewero ndi aafupi, oyenera kutentha kwa Okutobala, ndipo sukulu zinayi zingakumane Loweruka limodzi pa bwalo limodzi logawidwa pawiri, aliyense n'kusewera katatu, m'malo mwa ulendo umodzi wa lole wokagonja kamodzi n'kutuluka. Pakuti vuto lina lalikulu la mpira wa m'sukulu zathu ndi limeneli: zikho zambiri ndi za wagonja watuluka, choncho sukulu yofooka, imene ikufunika masewero ambiri kuti ikule, ndi imene imasewera kamodzi pa chaka.

Ganizo limeneli nalo lili ndi otsutsa, ndipo sakunama. Anyamata a Fomu 3 amati mpira wa 7 ndi wa ana, iwo akufuna umene amaonera pa kanema. Mnyamata wa zaka 17 amene sadaseweremo pa bwalo lalikulu adzasochera akadzaitanidwa ku timu ya achinyamata osapitirira zaka 20. Gombe si la sukulu: pali mabwato, matandala oyanikapo usipa ndi malo ogona alendo, ndipo madzi a nyanja atakwera kwambiri mu 2024 mchenga wambiri udamira. Ku Namwera kulibe gombe n'komwe. Ndipo kupanga gawo la sukulu zazing'ono kungaoneke ngati kuvomereza kuti mwana wa pa CDSS ndi wachiwiri pa chilichonse, m'kalasi ndi pabwalo pomwe. Mfundo yomalizayi imandipweteka, chifukwa ana amenewa amamva kale mawu otere akangoona maina awo pa mndandanda wa osankhidwa kupita ku sekondale. Koma kugonja ndi zigoli 8 chaka ndi chaka nakonso kumawauza zomwezo, mokweza kuposa. Chikho chimene angathe kuchinyamula, pamaso pa makolo awo, chimawauza zina.

Choncho ine ndimakana kuphatikiza matimu pa chiyambi cha nyengo, koma sindikana kuphatikiza konse. Teremu yoyamba ikhale ya ligi ya sukulu zoyandikana, sukulu iliyonse ndi dzina lake ndi jezi yake, zazing'ono zikusewera mpira wa 7 kapena wa 5 malinga ndi ana amene zili nawo, anyamata ndi atsikana tsiku limodzi kuti makolo aperekeze onse pamodzi. Sukulu yaing'ono imene ikuona kuti ikwanitsa mpira wa 11 isaletsedwe. Ligi ikatha, aphunzitsi amene aona ana onse akusewera kangapo asankhe timu ya dera lonse, ikonzekere pa tchuthi kapena Loweruka zingapo, ndipo imeneyo ndiyo ikakumane ndi sukulu zikuluzikulu pa bwalo lalikulu. Apa mwana waluso wa ku Makanjira wapeza njira yofikira ku Mangochi Stadium ndi pamaso pa osaka luso, koma anzake 30 aja sanalandidwe mpira kuti iye apite. Zimene CAF idachita ndi zomwezi: timu ya dziko imasankhidwa pamwamba, ana atayamba asewera m'sukulu zawo.

Chotsala ndi ndalama, ndipo pano ofuna kuphatikiza ali ndi funso limene sindingalinyalanyaze. Timu ya dera imafuna chakudya cha ana pa masiku okonzekera, mayendedwe ndi munthu woiyang'anira, pamene thumba la zamasewero pa CDSS nthawi zambiri limangokwana mipira iwiri ndi wezulo. Makampani amene akhala akuthandiza mpira wa m'sukulu, monga idachitira Coca-Cola imene chikho chake chidatulutsa osewera ambiri a Flames, amakonda kuika ndalama pa ndime zotsiriza pamene pali makamera. Bungwe loyendetsa mpira m'dziko muno la FAM, MASSA, khonsolo ya boma la Mangochi ndi eni malo ogona alendo a m'mbali mwa nyanja akafuna kuthandiza, ndalama yoyamba ipite ku zinthu zimene sizioneka pa chithunzi: mipira ya ligi ya m'dera, maphunziro a aphunzitsi oyimbira, ziphaso za osewera, ndi mafuta a lole imodzi yonyamula timu ya kutsidya la Shire kupita pa boma kamodzi pa chaka.